Umboni Wanga Woyamba ku Petauke

M'nthawi ya Chitaganya, kapaso, mthenga wa khoti, anandibweletsela samani kwathu ku Ndake kuti ndikapeleke umboni pa mlandu wa ng'ombe za banja lina la m'mudzi mwathu zomwe zinadya thonje la aneba athu. Ndinali nditangokwatiwa kumene, ndipo m'khoti ndinali ndisanalowemo.

Nditafika ku Petauke, alamu anga, omwe ankasoka zovala pamsika, anaona kuti ndasokonezeka. Masana omwewo ananditengela kuholo komwe kunkaonetsedwa kanema, mazenela ataphimbidwa ndi masaka. Chizungu sindinkachimva, koma nkhani ndinaitsata. Munthu wosalakwa ankazengedwa mlandu wakupha, ndipo mai wina wachikulile ndiye anali mboni yake. Loya akamukalipila, maiyo ankayamba wapuma mozama, n'kuyang'ana manja ake, kenaka n'kuyankha.

"Mwaona, alamu?" alamu angawo anandinong'oneza. "Nawonso akuopa, koma sakuthamanga. Mailo m'mawa mukachite chimodzimodzi m'khoti."

M'mawa mwake ndinkapuma katatu pa funso lililonse, mpaka womasulila anafunsa, "Amai, mwagona kodi?" Anthu anaseka, inenso ndinaseka, lilime n'kumasuka. Ndinafotokoza zonse zomwe ndinaona, ndipo mabanja awiliwo anagwilizana, n'kubwelela kumudzi pa lole imodzi.