Dalitso Limene Venancia Sanapemphe

Ña Basilia Ozuna, kapena kuti Mayi Basilia m'kalankhulidwe ka kwathu kuno, agulitsa chipa pa depoti ya mabasi ku Asunción zaka zoposa makumi atatu, ndipo sindikudziwa munthu amene anawaonapo atakhala pansi nthawi ya ntchito. Amafika m'mawa dengu lili pamutu, timabuledi tachinangwato ataphimba ndi nsalu yoyera kuti tisazizire, n'kumakwera basi iliyonse imene yaima. Ine ndine mphunzitsi, ndipo ndimakhala khomo loyandikana nawo. Popeza sadziwa kuwerenga, pepala lililonse lowakhudza limayamba lafika kwa ine.

Anabadwira kumudzi, cha ku Caaguazú. Ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, mayi awo anawakweza basi ndi kathumba ka zovala, kuwatumiza kwa dona wina wa m'tauni. Zimenezi kwathu kuno sizidabwitsa munthu. Wopeza bwino amatenga mwana wa wosauka, n'kulonjeza chakudya ndi sukulu, ndipo mwanayo amamutcha mayi wake wa ubatizo. Chakudya anadyadi. Sukulu ankangoiona pageti, poperekeza ana a m'nyumbamo atawasenzera zikwama. Anatuluka m'nyumba imeneyo ali ndi pakati, ndipo palibe anafunsa kuti mwini pakatipo ndani.

Mwana amene anabadwayo ndiye Venancia. Chaka chimene mtsinje unasefukira n'kutilowera m'nyumba, Venancia anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ña Basilia anamugwira dzanja n'kukamusiya kwa dokotala wina wa mano ndi mkazi wake. Njira ina yopulumutsira mwana sankaidziwa.

Poyamba ankapita kukamuona Lamulungu lililonse, kukhomo la kuseri. Venancia ankathamanga, n'kugunditsa manja pachifuwa kupempha dalitso monga achitira ana onse, iwo n'kumujambulira mtanda m'malere ndi zala ziwiri. Lamulungu lina anafika n'kupeza mwanayo akupempha dalitso kwa mkazi wa dokotala. Atatembenukira kwa iwo, manja anali atawabisa mu epuloni.

"Mwabwera?" Anangotero basi.

Kuyambira tsiku limenelo sanapemphenso. Anakulira momwemo, n'kukhala wophika wa m'nyumbamo, ndipo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zinadutsa. Ña Basilia sankadandaula za miyendo yotupa kapena denga lodontha. Chimene ankafuna n'chimodzi, choti mwana wawo agunditsenso manja pamaso pawo iwo asanafe.

Ndiye kunabwera phungu wa nyumba ya malamulo, Ña Celsa Arzamendia, amene ankalemba lamulo loletsa kugwiritsa ana ntchito m'nyumba za eni m'dzina lowalera. Za andale ndimasamala polankhula, choncho ndingonena zimene ndinaona. Anabwera kuholo ya parishi katatu, anakhala pa benchi ya ana a katekisimu, anamwa tereré, tiyi wathu wozizira uja, m'chikho chomwe tonse tinkamwera, ndipo ankalemba yekha. Ankafuna amayi oti akalankhule pamaso pa komiti. Ambiri anayang'ana pansi.

"Zikamveka pa wailesi?" anafunsa Ña Basilia.

"Zikamveka, mayi."

"Ndilembeni."

Pobwerera ndinawafunsa chifukwa chake. Anati kukhitchini kwa dokotala wailesi siizima. Zimene zinkawakanika kunena pakhomo la kuseri, ankaganiza kuti wailesi ikawalowetsera mpaka pa mbaula.

Anandibweretsera mapepala a lamulolo kuti ndiwawerengere m'chilankhulo chathu cha Chigwarani. Nditamaliza ndime yonena za chilango cha wolandira mwana, anandiimitsa.

"Nanga wopereka, aphunzitsi?"

"Wopereka sakumulanga. Akuti azithandizidwa kuti mwana akhale pakhomo."

"Werenganinso."

Ndinawerenganso.

"Pepala ili lili ndi chifundo kuposa mwana wanga," anatero, akulipinda.

Tsiku la komiti ndinawaperekeza. Ña Celsa anatichingamira pakhonde n'kuwagwira pamkono.

"Mphindi zitatu, mayi. Nenani za ubwana wanu. Musatchule dzina la munthu kapena nyumba, chonde. Ife timaweruka, koma anthuwo amatsala nazo."

Ña Basilia anavomera ndi mutu. Ndikuganiza kuti sanamve n'komwe.

Anayamba bwino. Ananena za mphasa ya pansi pa masitepe, ndi za kudya ataimirira ena onse atakhuta. Phungu wina wamwamuna, wa ndevu zoyera, anawadula mawu moseka.

"Amayi, tisakokomeze. Tonse muno tinaleredwa ndi atsikana otere. Kwathu kunali Chela, ndipo tinkamukonda ngati mlongo wathu."

"Dzina la bambo ake linali ndani, olemekezeka?" anafunsa Ña Celsa.

"A ndani?"

"A mlongo wanuyo."

Munthuyo anatsegula pakamwa, n'kuyang'ana kudenga, kenako n'kuyamba kufunafuna magalasi amene anali pamphuno pake pomwe. Ena anaseka. Ña Basilia sanaseke. Anakokera chimkuzamawu pafupi.

"Inenso ndinapereka wanga," anatero. "Dzina lake ndi Venancia Ozuna. Amaphika kwa dokotala wa mano, nyumba ya geti lobiriwira kuseri kwa msika. Venancia, mwanangu, ngati ukumva, sindinakutaye. Madzi anafika m'chiuno ndipo iwe unkatsokomola. Sukulu anandilonjeza ine, monga analonjezera agogo ako. Ndinadziwa kuti ndi bodza, komabe ndinakusiya."

Ña Celsa anatseka maso. Sanawaletse, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati anachita bwino.

Panadutsa sabata. Zimene zinachitika pa depoti ndinaziona ndekha, chifukwa masana amenewo ndinapita kukalandira katundu wa parishi. Ña Basilia anali pakati pa mabasi, akuyankhana ndi dalaivala wina.

"Ña Basilia, tsopano ndinu a pa wailesi! Chipa wanu wakwera mtengo?"

"Wakwera kwa amimba ngati iwe. Chotsa dzanja m'dengumo."

Ña Basilia anasiya kuseka ataona mayi wina ataima pafupi ndi basi yopita kunja kwa dziko, ku Buenos Aires, sutikesi ili kumapazi. Anali Venancia. Anamuyandikira pang'onopang'ono, dengu lili pamutu.

"Unamva, mwanangu?"

"Msewu wonse unamva. Lamya sinasiye kulira. Amayi anagona masiku awiri osadya."

"Amayi ako ndine."

"Mwana wa adokotala wandiuza kuti ndilongedze. Akuti ndawachititsa manyazi ataniveka ndi kundidyetsa." Venancia sankakweza mawu. "Ndili wamng'ono munandichotsa kwanu. Tsopano mwandichotsa komwe munandisiya. Kwatsala kuti komwe mungandichotse?"

"Tiye kunyumba. Malo alipo."

"Kumene kumalowa madzi kuja?"

"Ndimafuna umve kuti..."

"Mukanagogoda. Khomo mumalidziwa. Munakauza anthu a mataye, ine ndikusenda anyezi."

Venancia anapereka sutikesi kwa wolongedza katundu n'kukwera. Ña Basilia anakweranso, monga amakwerera basi iliyonse, ndipo ndinawaona pawindo akuyenda pakati pa mipando osaitanira malonda. Anaima pa mpando wa Venancia. Anatulutsa chipa wapansi, amene amakhala wotentha kuposa onse, n'kumuikira pamwendo. Kenako anadikira. Venancia anali atapanira manja m'khwapa, akuyang'ana kutsogolo. Dalaivala analiza hutala kawiri.

Ña Basilia anatsika. Basi itayamba kubwerera m'mbuyo, anakweza dzanja lamanja n'kujambula mtanda m'malere, kuloza magalasi akuda amene sankaonetsa aliyense. Dalitso siliperekedwa munthu asanapemphe, ndipo iwo amadziwa zimenezo kuposa ine.

Ña Celsa atamva, anabwera yekha mpaka kukhomo kwa Ña Basilia, nsapato zili matope. Anati akanatha kumupezera Venancia ntchito ina. Anapepesa kuti sanawadule mawu.

"Mukanandidula ndikanakutukwanani," anatero Ña Basilia. "Pakamwa panali panga. Lamulo lija lili pati?"

"Likadali m'komiti. Ndikulikankha."

"Likankheni. Kumudzi kwathu mabasi akunyamukabe ndi tiana."

Phunguyo akulikankhadi, monga ndimvera, ndipo wataya anzake ena chifukwa cha ilo. Zambiri sindinganene.

Papita zaka ziwiri. Kalata yochokera ku Buenos Aires sinabwere, ndipo ikanabwera ndikanadziwa, poti woiwerenga ndine. Ña Basilia akugulitsabe. Anzawo a pa depoti amati malonda awo atsika, chifukwa basi ya ku Buenos Aires ikamalowa amasiya makasitomala n'kukaima pakhomo pake mpaka munthu womaliza atatsika. Dengu amaligwira ndi dzanja lamanzere. Lamanja sanyamuliranso kanthu, likudikira kudalitsa.