Kugona Kamodzi Basi

Ndege ikadutsa pamwamba pa komboni yathu ya Mushili ndimalavula pansi. Imandikumbutsa tsiku lomwe tinaperekeza atate ku eyapoti ya ku Ndola, akupita kumigodi ya ku Australia, atadzithira pefyumu wonunkha ngati mankhwala a mphemvu.

"Atate, ku Perth n'kutali?" ndinafunsa.

"Mpafupi, mwaiche wanga. Umangogona kamodzi m'ndege, podzuka wafika."

Chitsiru ine ndinawerengera: kupita kugona kamodzi, kubwera kugona kamodzi. M'mawa wa mkuja ndinasamba osauzidwa n'kukaima pageti.

"Lowa m'nyumba iwe," anatero amayi. "Ukuyesa atate ako ndi galimoto ya buledi?"

Sukulu ndinasiyira giredi naini, ndevu zamera, mdalayo sanabwerebe. Mwina woyendetsa ndegeyo ndi waulemu kwambiri, akuopa kuwadzutsa.