Mpando wa Kudzanja Lamanja la Apongozi

Apongozi anga aamuna atatuluka m'chipatala chifukwa cha sitiroko, tinawatenga kuti adzakhale nafe ku Beaumont Leys, kuno kunja kwa dziko lathu. Munthu amene adatha zaka akusenza makatoni m'nyumba zosungira katundu, wamawu omveka mpaka kwa aneba, anangoti zii. Dzanja lawo lamanja linkangogona pamwendo. Anamwino akabwera ndi kampira koti azifinya, iwo ankatembenukira kukhoma. Mkazi wanga ankakalirira kubafa, ndipo ine ndinkaopa kuti tsiku lina bambowa sadzatulukanso m'chipinda.

Chinawatulutsa ndi poka, masewera a makadi amene adaphunzira kwa anzawo kuntchito. Koma mkazi wanga ndi wamvano, juga m'nyumba mwake ndi ayi. Tinagwirizana zobetcha nandolo wouma, yemwe timagula kwa amwenye ku Belgrave Road, aliyense kambale kake, Loweruka lililonse masana. Tinkakhala anthu anayi: apongozi, ine, mkazi wanga ndi mlongo wake wa ku Evington.

Mpando wanga unali wa kudzanja lawo lodwalalo. Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, ndiye zogawa makadi m'malo mwawo ndi kuwatolera nandolo wogwa zinagwera ine. Sindinkadziwa kuti mpandowo ndi watsoka. Pa poka, mwayi wobetcha umazungulira kulowera kumanzere, choncho nthawi zambiri ine ndinkayamba, iwo n'kutsatira ataona kale zomwe ndachita. Ndiye nkhalambayo inkasewera ngati dalaivala wa minibasi amene waona okwera kutsogolo. Ndikaika nandolo pang'ono, ankawonjezera mulu. Ndikadutsitsa osaika kanthu, ankabetchabe. Makadi anga ambiri ankakhala apakatikati, abwino ayi, otayiratu ayinso. Ndinkawatsatira mpaka pakati pa njira, mantha n'kundigwira, n'kutaya. Nanga mkamwini woleredwa bwino angawonjezere bwanji pa mawu a apongozi ake? Ngakhale kuwayang'ana m'maso sindinkatha.

Ana awo aja anali ndi nthenda ina: ankataya dala makadi abwino kuti bambo awo asangalale. Akulu aja sanachedwe kutulukira. Loweruka lina anakankhira kambale kawo kutali.

"Mukusewera nane ngati mwana," anatero, mawu akutuluka mokoka. "Inu awiri mukundimvera chisoni. Akamwiniwa okha ndiwo akusewera zoona, koma mantha ngati nkhuku. Ngati zili choncho, ndisiyeni ndizigona."

Sabata yotsatira sanatulukedi. Zinandipweteka kwambiri.

Ndinakadandaulira mnzanga wina wa ku Zambia pa buleki kuntchito. Iyeyu poka amaidziwa kuposa Baibulo, ndipo sabisa.

"Chinja mpando, mwana," anatero. "Munthu waukali azibecha poyamba, iwe pambuyo."

Ndinamuuza kuti sizingatheke, mbali yodwalayo imafuna munthu.

"Manje mvela. Makadi yoipa taya pakuyamba, osachita nsoni. Ukankala na yapakati, osakulisa mulu. Leka mudala abeche eka, iwe uzivomela chabe. Munthu wobecha nthawi zonse sangankale na makadi yabwino nthawi zonse. Koma ganiza pakuyamba kuti uzafika mpaka kuti, osati kuthawa pakati monga mwamene uchitila."

M'basi yobwerera kunyumba ndinaganizira mawu akewo. Ndinaona kuti njirayi simphwanya mwambo ngakhale pang'ono. Mkamwini amakhala chete, wamkulu n'kulankhula, iye n'kuvomera. Kusiyana kwake n'kwakuti apa sumachoka mpaka nkhani ithe.

Lachisanu ndinagogoda pachitseko chawo, n'kunjuta pakhomo monga mwa ulemu.

"Bambo, mawa nandolo wanu ndimutenga yense."

 Kenako ndinamva bedi likulira.

"Mwati chiyani, akamwini?"

Mawa lake anali oyamba kufika patebulo, atavala ndi jekete yomwe. Ana awo ndinali nditawachenjeza kale kuti wotaya dala makadi akatsuka mbale mwezi wonse.

Ndinayamba ndi kutaya, n'kutayanso, mpaka mlamu wanga anafunsa ngati ndabwera kudzaonerera. Ndinangopitiriza kutaya, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Kenako ndinalandira kingi ndi naini, n'kulowa. Ena aja anataya, tinatsala awiri. Patebulo panagwa makadi atatu ogwiritsa ntchito tonse: kwini, naini ndi folo. Ndinali ndi manaini awiri, koma apongozi akanakhala ndi kwini m'manja, ndinali nditathedwa. Awa ndiwo makadi amene ankandisaukitsa masabata onse aja. Ulendo uno ndinatsimikiza mumtima kuti pokhapokha pagwe khadi loopsa, ndifika nawo kumapeto.

Ndinagogoda tebulo, kusonyeza kuti ndadutsitsa. Iwo anabetcha, ine n'kuvomera. Panagwa thuu. Ndinadutsitsanso, iwo anabetcha kwambiri, ndipo ndinavomeranso. Anandiyang'ana cham'mbali, n'kukhosomola. Khadi lomaliza linali seveni. Ndinagogodanso tebulo.

"Ehe, mwalimba mtima lero?" anatero. "Tiyeni tione. Yense!"

Makadi awo anali m'dzanja lamanzere, atawakanikiza pachifuwa kuti ndisaone. Mulu wa nandolo uja anaukankha ndi dzanja lamanja. Linkanjenjemera, nandolo wina anagwera pansi, koma linafika pakati pa tebulo.

Ine, poti maso anga sakwera kufika pankhope ya apongozi, ndine ndinayamba kuona kuti dzanja lodwala lija lagwira ntchito. 

"Ndavomera, bambo," ndinatero.

Anagwetsa makadi awo: jeki ndi teni, opanda kanthu. Anaseka mpaka kutsamwa, kuseka kumene tinali titakuiwala m'nyumba muja.

"Mwandigwira, akamwini! Mkamwini wanji wolanda apongozi ake ndiwo?"

Mkazi wanga sankayang'ana makadi. Anali atagwira pakamwa, misozi ili chuchuchu, maso ali padzanja la bambo ake, lomwe linali likadali pakati pa tebulo. Iwo anatsatira maso a mwana wawo, n'kuliona nawonso. Kenako anasuntha zala pang'onopang'ono n'kutola kanjere kamodzi ka nandolo.

Ndinayamba kusonkhanitsa makadi kuti ndiwagawire monga mwa masiku onse.

"Siyani, akamwini," anatero. "Ndigawa ndekha."