A Caetano ndi Tambala Wokana Kuthawa

A Caetano a ku Lifidzi anagwira ntchito zaka zambiri ku Beira, m'fabrika yopanga zitsulo zomangira nyumba. Chitsulo chinkatuluka m'makina chili psuu, chikuthamanga koopsa, ndipo iwo ankaponda chopondera kuti chimpeni chidule nsonga yakutsogolo yopindika chitsulocho chisanadutse.

Atabwerera kumudzi, zinadziwika kuti chinthu chongokhala phee sangachidule. Akati awaze nkhuni, nkhwangwa inkagwera pambali. Akazi awo, a Otília, anazolowera kumanga mitengo panjinga n'kumadutsa pabwalo mwaliwiro, amuna awo n'kumaidula molingana bwinobwino. Khola lonse la nkhumba analimanga choncho.

Tsiku lina a Otília ali kumunda, kwa a Caetano kunabwera alamu awo a ku Domwe. A Caetano anatenga chikwanje kuti awaphere tambala, koma tambalayo anali wokalamba ndipo anangokhala padzuwa.

"Thawa, iwe!" anakuwa a Caetano. Anapondaponda pansi, anauwa ngati galu, koma tambala anangotsinzina.

"Bweretsani ndimuphe ine," anatero alamuwo.

"Ayi, inu ndinu alendo. Ingomunyamulani, mudutse naye pano mothamanga."

Alamuwo anakwapatira tambala n'kuliyatsa liwiro. Atayandikira anaona chikwanje chili m'mwamba, maso a a Caetano ali pa chinthu chimene chinali patsogolo kwambiri, mphuno ya alamuwo. Anakhota n'kulowa m'munda wa mbatata, ndipo sanaime mpaka kumsewu, kumene anakwera galimoto, tambala ali m'khwapa.

Masana amenewo a Caetano anadya nyemba okha, akudandaula kuti alamu awo amathamanga mokhotakhota.