Mwendo wa Mwini Tchire

Nyama yoyamba inabwera kudzera pamwamba pa mpanda, itakulungidwa m'nyuzipepala. Tinali titangokhala miyezi yochepa m'kanyumba ka lendi ku Walsall, mumsewu wa nyumba zogundizana, momwe ukatsokomola kuchipinda mnzako wa kuseri kwa khoma amamva. Amuna anga ankachita digiri yachiwiri ku Birmingham. Ine ndinali nditawatsatira, n'kupeza ntchito yosambitsa ndi kudyetsa nkhalamba panyumba ina ya okalamba. Viza yanga inkadalira yawo, ndipo yawoyo inkadalira sukulu ndi kusapalamula. Kungolakwira lamulo kamodzi, tonse awiri akanatikweza ndege kubwerera kwathu chimanjamanja.

Wotipatsa nyamayo anali mzungu wa nyumba yoyandikana nafe, wamtali, wouma thupi, wokhoma madenga. Chingelezi chake chinali cha komweko, chotafuna mawu, moti ine ndi sekondale yanga yonse ndinkangotolamo apa ndi apo. Anali ndi agalu awiri a mtundu umene amautcha lurcher: miyendo italiitali, mimba yolowa m'kati, kukamwa kosongoka. Nditawaona koyamba ndinati munthuyu ndi wankhanza, akuwamana chakudya. Amuna anga anaseka mpaka misozi.

"Amenewo ndi agalu a liwiro, mayi. Taonani chifuwacho. Ameneyo gwape sangamuthawe."

Ine sindinaseke. Mumsewu monsemo panalibe amene ankayankha moni wathu, ndiye uyu wa nyama wachokera kuti? Ndinakulira nthawi imene munthu unkayamba wacheuka usanatchule boma, ndipo khalidwe locheukalo ndinakwera nalo ndege. Nyamayo ndinainunkhiza, ndinaitembenuza, ndinaiwiritsa mpaka inalekana ndi fupa. Mzunguyo anati ndi ya mbawala za kuno. Kukoma inakoma, zimenezo sindingakane. Tsono popeza mbale ya mnzako subweza yopanda kanthu, ndinamukazingira mandasi n'kupatsira pampanda pomwepo. Ubwenzi wake ndi amuna anga unayambira pamenepo, ndipo mandasi anali anga.

Amuna anga kwawo ndi ku Mchinji, anakulira kumbuyo kwa agalu a malume awo. Ku England anali atafota. Kuchokera m'basi kulowa m'laibulale, kuchokera m'laibulale kulowa m'basi, kufika kunyumba n'kukhala duu pafupi ndi hita yotenthetsera m'nyumba. Koma akaima pampanda paja ankasanduka munthu wina. Manja m'mwamba, kufotokoza za uzimba, za mmene galu wanzeru amadulira nyama kutsogolo m'malo moilondola pambuyo. Mzungu uja ankagwedeza mutu, nayenso n'kumalongosola zake. Galu wamkazi, wa bweya wotuwa, anawazolowera kwambiri moti akangomva chitseko chathu ankayamba kulira.

Posakhalitsa anayamba kupita limodzi Lamlungu mbandakucha, chakumpoto kupitirira Cannock. Kumapemphero a Amalawi ndinkapita ndekha, n'kumanama kuti bambo ali ndi mayeso.

Ndinayamba kuona tinthu. Vani yabuluu ya mzunguyo sinkaima kumaso kwa nyumba akabwera kosaka, inkalowa kanjira ka kuseri. Vaniyo ankaitsuka, koma nambala yake inkakhala ndi matope nthawi zonse. Kusenda nyama ankasendera m'kashedi atatseka chitseko. Kenaka anati firiji yake yafa, tim'sungireko nyama m'yathu, ndipo firiji imeneyo sinachire mpaka kalekale. Kwathu mlenje akapha amabwera akuimba, mudzi wonse umatuluka. Mlenje wanji wobwerera kuseri ngati wachokera kwa mkazi wa mwini?

Tsiku lina ndinawafunsa tikudya.

"Bambo, mnzanuyu ali ndi permission?"

"Akuti mwini famu ndi mnzake wa kalekale. Mbawala zimamuthera mbewu, ndiye timamuthandiza."

"Mwini famuyo munamuonapo?"

"Nyumba yake ndimaiona chapatali."

"Ndiye vani mumaimika pakhomo pake?"

"Timaimika kumsewu wa m'munsi, n'kufupi." Anaika supuni pansi. "Mayi, inu munaphonya ntchito. Mukanalowa upolisi."

"Sekani. Akakugwirani, iye akalipira fine n'kubwera kudzagona pabedi pake. Inu akuchitani deport, ndipo nyama aipeza mu firiji ya yani?"

Anati ndili ndi mtima wokayikira aliyense, ngakhale mngelo atabwera ndingamufunse chiphaso. Zinandipweteka, chifukwa zinali zoona, komanso chifukwa ndinkadziwa kuti sindikulakwa. Kuwaletsa sikukanatheka. Munthu amene wapeza chomuseketsa m'dziko lozizira sumuchotsako ndi mkangano.

Ndiye ndinadzera kwina. Lamlungu lina atabwera ndi nyama, ali m'chisangalalo, ndinawafunsa mofatsa mmene ankagawira kwawo akapha. Anayankha monyadira, ngati mwana wolakatula pamaso pa alendo. Wobaya koyamba ali ndi gawo lake. Matumbo ndi a agalu. Onyamula amadyako. Koma musanagawane chilichonse, mwendo umapita kwa mwini tchire, chifukwa nyama yaphedwa pamalo pake.

"Oho," ndinatero. "Tsono mwendo wa mwini famu amakapereka ndani?"

Sikuti anayamba kukayika, ayi. Anachita manyazi. Miyezi yonseyo akudya za pamalo pa munthu osakamuonera, malume awo akanamva akanati anawalera chabe.

"Mzungu sadziwa mwambo," anatero potsiriza. "Tikapereka ife."

"Ndipita nawo," ndinatero. Ndinkafuna kuiona ndi maso anga nkhope ya mwini famuyo. Ndinadziuza kuti ngati pali choipa, kuli bwino chitipeze masana, titavala bwino, mphatso ili m'manja, kusiyana n'kuti chiwapeze okha m'tchire atasenza nyama.

Loweruka tinakwera basi mpaka Cannock, kenaka ina yaing'ono, kwinako tinayenda pansi. Mwendo unali m'beseni, nditauphimba ndi nsalu yoyera. Nsapato zanga za kutchalitchi zinathera m'matope a njira ya mathirakitala. Amuna anga anali atamanga tayi.

Amene anatsegula chitseko anali bambo wachikulire, wamfupi, wofiira kumaso. Anayang'ana ife, anayang'ana beseni. Amuna anga anawerama pang'ono n'kupereka ndi manja awiri.

"Gawo lanu, bambo. Kwathu mwini malo amalandira mwendo. Pepani tachedwa nawo."

Mkuluyo anavundukula nsalu ndi chala chimodzi.

"Mwendo wa nyama yophedwa kuti?"

Amuna anga analoza kumunsi, kumene munda wa msipu umakumana ndi nkhalango. Anayamba kuthokoza chifukwa chowalola kusaka, koma mawu anawathera m'kamwa, poti nkhope ya mkuluyo inali itauma gwa.

"Sindinalolepo munthu aliyense kulowa ndi agalu pamalo panga," anatero pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi ogontha. "Nkhosa zanga zinataya ana chaka chino chifukwa chothamangitsidwa. Agaluwo ndi a yani?"

Dzina linali kale pa lilime langa. Ndikanalitchula, ndi nambala ya nyumba yomwe. Amuna anga anandigwira pamkono mwamphamvu moti chizindikiro chinakhala mpaka mawa lake. Dzinalo ndinalimeza.

Mkuluyo analanda beseni n'kulowa nalo m'nyumba, chitseko n'kusiya chosatseka. Ndinkaiona foni pakhoma la m'kanjira. Ndinaganiza za mayi anga akutilandira pa Lilongwe opanda digiri, opanda kanthu, ndi mbiri yoti anagwidwa akuba nyama kwa azungu. Ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire, ndipo amene anatibweretsa pakhomo limenelo ndinali ine.

Anatuluka ndi beseni lotsuka, lopanda kanthu, nsalu ataipinda bwinobwino.

"Wakuba sanagogodepo pakhomo panga atamanga tayi," anatero, osaseka. "Pitani. Koma mukamuuze mnzanu wa vani yabuluu kuti ndimaidziwa. Ndikadzaionanso kumunsi kuja, agalu ndidzawombera, kenaka ndidzaitana apolisi."

M'basi ndinadikira kuti anene kuti mayi munkanena zoona. Ndinadikira mpaka tinalowa m'Walsall. Iwo ankangoyang'ana pawindo, beseni lili pamiyendo. Titatsala pang'ono kutsika ndi pamene anayankhula.

"Angamuwombere ndithu wamkazi uja."

Ine ndikuganiza za viza, iwo akuganiza za galu. Ndinapsa mtima mpaka ndinatsika basi osawadikira.

Madzulo omwewo anakamuuza mnzawo pampanda. Ndinamva zonse ndili kukhitchini. Mzunguyo anakuwa, anatukwana, anafunsa kuti ndi chitsiru chanji chimene chimatengera mwini munda umboni m'beseni. Amuna anga anangoti, "Munandiuza kuti ndi mnzanu." Sanatchule kuti anam'bisira dzina kwa mwini famu. Munthuyo anabwera kudzatenga nyama yake yonse mu firiji mwathu osapereka moni, ndipo sabata yomweyo anakhomerera matabwa ena pamwamba pa mpanda. Pa ntchito yokhoma anali katswiri, sanasiye mpata ngakhale wa diso.

Apolisi sanabwere. Digiri inatha, viza sinavute. Ndinkanena zoona ndipo mpaka lero ndimatero, munthu uja ankafuna wonyamula nyama ndi firiji ya eni. Koma amuna anga anabwerera pafupi ndi hita paja, ndipo kuseka kwa pampanda kuja sindinakumvenso m'nyumba imeneyo. Kumapemphero tinkapita awiri tsopano, anthu n'kumandiyamikira kuti ndawabweza bambo.

Galu wamkazi uja yekha ndi amene sanamve za mlanduwo. Anakumba pansi pa mpanda kadzenje kongokwana mphuno yake. Lamlungu lina m'mawa ndikutsuka makapu, ndinaona amuna anga atagwada pa udzu wonyowa ndi buluku la kutchalitchi, dzanja atalipisa pansi pa matabwa, akulankhula motsitsa m'Chichewa mawu amene ankauza agalu a malume awo. Mwa chizolowezi changa ndinacheuka kuona ngati pali wina akutiona. Analipo. Mzungu uja anali pawindo la m'mwamba, kuseri kwa katani, akuyang'ana pansi. Ndinadikira kuti aimbe mluzu kuitana galu wake. Sanaimbe.