Kwezani Ng'omazo, Alamu

Anthu akayamba kukangana zoti nyimbo za m'magemu a pa kanema zapita patsogolo kapena ayi, ine ndimangonyamuka n'kutuluka panja. Yankho ndili nalo, ndipo si lokoma. Zapitadi patsogolo, asakunamizeni munthu. Ndikudziwa chifukwa mkangano umenewu ndinaupambana ine, koma amene anaumva kuwawa ndi mchemwali wanga, m'nthiti mwake.

Tinabadwa awiri, wamkulu ndine. Ndinayamba ndine kubwera ku Glasgow kudzagwira ntchito ya makompyuta, iye ananditsatira patapita zaka, ali namwino. Atapeza mwamuna, injiniya wa kwathu komweko, woimba besi m'kwaya ya kutchalitchi, kuno kunalibe malume, kunalibe azakhali. Nkhoswe ndinali ine, mwini mbumba ndinali ine. Zikamuvuta m'banja, khomo loti agogode linali langa lokha.

Ine ndi mlamu wangayo tinagwirizana tsiku loyamba lomwelo, ndipo chinatigwirizanitsa ndi magemu. Tonse tinakulira ku Blantyre, iye ku Zingwangwa ine ku Ndirande, ndipo tonse tinapanikizanapo m'tizipinda ta kuseri kwa golosale, momwe munkakhala TV imodzi yoyendera batire ya galimoto, ndi timakatiriji tachikasu tosungira magemu, tofuna kuuzira kaye kuti tigwire ntchito. Amene munaliko nyimbo zake mukuzikumbuka: tii-tii-tuu, tii-tii-tuu, kamawu kamodzi kowonda ngati ka udzudzu, kozungulira pamodzimodzi osatopa. Uphedwe, upambane, utuluke kukataya madzi, iko kali pomwepo.

Mlamu ankazikonda nyimbo zimenezo koopsa. Anali ndi kamakina kakale ka magemu kamene anakapeza pa msika wa zinthu zakale konkuno, ndipo ankati nyimbo yeniyeni ndi imene ungaiimbe ndi mluzu posamba. Ine ndinkamuseka.

"Alamu, zimenezi ndi nyimbo kapena foni ikutha moto? Tamverani za masiku ano. Muli anthu enieni okhwekhwereza mavayolini, muli ng'oma, muli kwaya yathunthu. Ndiye nyimboyo imakuona. Ukamayenda wekha m'nkhalango imanong'ona, adani akatulukira ng'oma zimadzuka, ukawamaliza imakhala chete."

Iye ankangopukusa mutu. "Phokoso basi, alamu. Mwalowa chizungu inu."

Tinkakangana mpaka nyama kupserera pa moto, mchemwali akutiseka kuti ndife ana a ndevu.

Nthawi imeneyo awiriwa ankakhala ku Dennistoun, dera lina la konkuno ku Glasgow, m'nyumba zosanja zakale zija, momwe wapamwamba akagwetsa supuni wapansi amadziwa. Pansi pawo pankakhala mayi wina wachikulire, mzungu wamasiye, wokonda kusuzumira pa windo. Tsiku lina masana mayi ameneyu anaitana apolisi. Ine ndinafika apolisiwo atapita kale, chifukwa mchemwali anawauza kuti palibe chachitika. Mayi uja anandigwira mkono pa masitepe n'kundiuza kuti kwa theka la ola wakhala akumva kanyimbo ka ana kakulira mokweza, koma kanyimboko sikanabise kanthu: amamva bwinobwino thupi la munthu likugunda khoma. Anati aka sikanali koyamba.

Mukudziwa zimene ndinachita? Ndinachotsa dzanja lake pa mkono wanga. Ndinakwera n'kuwakhazika pansi awiriwo monga nkhoswe, ine pa mpando, iwo pa sofa. Mlamu anati anangokankhana pang'ono. Mchemwali anayang'ana pansi. Ine ndinatsegula pakamwa pangapa n'kulavula mawu amene ndinkawamva kwa akuluakulu ndili mwana: banja ndi kupirira, za m'nyumba sizituluka pakhomo, kuno n'kwa eni, mukazolowera kuitanirana apolisi akubwezani kwanu nonse. Kenako ndinawapempheretsa. Potsanzika ndinamuuzanso mlamu kuti asadandaule, azungu sadziwa kuti ife timalankhula mokweza. Ndimachita manyazi mpaka lero, ndipo manyazi amenewa ndidzalowa nawo m'manda.

Mwezi usanathe, mlamu anasintha maganizo pa mkangano wathu uja. Anandiimbira foni ndili kuntchito. "Alamu, mwawina. Tinyimbo takale tija n'topanda mnofu, sitidzaza nyumba. Tikusamukira ku Gorbals, fuleti yatsopano. Mubwere mudzandisankhire masipika."

Ha! Ndinasangalala ngati andilonga ufumu. Ndinasankha ndekha, ndinanyamula ndekha, makoma ndinaboola ndekha: masipika awiri kutsogolo, awiri kumbuyo, ndi chibokosi cha besi pansi, chimene chikagunda mawindo ankanjenjemera. Ndinamusankhiranso gemu ya nkhondo ya malupanga, ya ng'oma zolemera kuposa zonse zimene ndinkazidziwa.

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse masana ndinkawoloka mtsinje kupita kwa alamu. Mchemwali ankanditsegulira, tinkadya, iye n'kusonkhanitsa mbale kupita nazo kukhitchini, ife ulendo pa sofa. Mlamu ankasewera malo ofatsa, oyendayenda m'nkhalango ndi kutola zida. Tikafika pomwe nkhondo yaikulu iyambire, ankandipatsa padi, kachipangizo kogwira m'manja koseweretsera kaja.

"Apa ndi panu, alamu, ine zala zakalamba. Kwezani ng'omazo, ndikatenge zakumwa."

Ine n'kukweza. Nkhondo imodzi inkanditengera mphindi khumi kapena kuposa, ndikukuwa, ndikutukwana adani, ng'oma zikugunda m'chifuwa, kwaya ikulira kuseri kwa makutu. Ikamatha, mlamu ankatulukira ndi mabotolo awiri, akupumira m'mwamba pang'ono, akuseka. Ndikafunsa za mchemwali ankati wakagona, mutu ukumupweteka, mashifiti a kuchipatala awa. Ndinkatsanzika pa chitseko chotseka: "Ndapita, iwe!" Mawu ankayankha mkati: "Pitani bwino, achimwene."

Bambo wina woyandikana nawo anakumana nane tsiku lina m'chikepe, akuseka, n'kundifunsa ngati nkhondo ya lero tapambana. Ndinamuuza monyada kuti masipikawo ndinaika ndine. Mchemwali naye anandiimbirapo Lachisanu lina kuti achimwene mawa pumulani, musavutike kubwera. Ndinamuyankha kuti iwe nsanje bwanji, ukufuna kundilanda mlamu wanga? Ndinapita ndithu. Amati chitsiru chinaomba ng'oma ochenjera navina. Ngati simunachionepo chitsirucho, ndi ine amene ndikulemba pano.

Panali nkhondo ina imene inandigonjetsa masabata awiri otsatizana, ya chimunthu chachitali chonyamula nkhwangwa. Zinandiwawa. Ndinakapeza gemu yomweyo kwanga n'kumaphunzira tsiku lililonse ndikaweruka, mpaka ndinadziwa pomwe chimunthucho chimasiya khosi poyera. Mlamu sindinamuuze, ndinkafuna ndimudabwitse.

Loweruka limenelo kunali kamvula kathu ka masiku onse. Anandipatsa padi, ananena mawu ake aja, ndinakweza, anapita. Chimunthu chija ndinachigwetsa m'mphindi ziwiri zokha. Ndipo nyimbo yanga yanzeru ija, yokuona ija, inagwira ntchito yake. Ng'oma zinaduka kamodzi. Zii.

Ndinamva phwa! Kenako china chofewa, ngati munthu akuponda thumba la ufa. Kenako mawu a mchemwali, osati kukuwa, kubuula chabe, mawu a munthu wozolowera kulira mosasokosa.

Sindikumbuka kuti chitseko cha kukhitchini ndinachitsegula bwanji. Mchemwali anali pansi pakati pa firiji ndi makina ochapira, atapinda miyendo, manja ataphimba kumaso. Mlamu anali atamugwira tsitsi ndi dzanja limodzi, phazi lake lili m'nthiti. Pa tebulo panali mabotolo athu awiri aja, otsegulatsegula kale, atayikidwa bwinobwino m'thireyi kudikira kuti amalize. Mabotolo amenewo ndi amene anandipengetsa misala. Munthu amene wangopsa mtima sayamba watsegula mabotolo.

"Alamu, dikirani," ndi mawu okhawo amene anakwanitsa kunena.

Padi inali idakali m'manja mwanga. Ndinamuswa nayo pakamwa, inaphwanyika, mabatani mbwee pansi. Anagwera pa sinki. Ndinamukoka pa kolala n'kugunditsa mutu wake pa chitseko cha firiji, kamodzi, kawiri, mazira ndi mabotolo zikusweka mkatimo. Anaponya chibakera, chinandipeza pa khutu, sindinamve kanthu. Ndinatola chiwaya chachitsulo chimene mchemwali anakazingira nyama imene ndinali nditangodya ine, n'kumukhoma nacho pa nsagwada. Ndinamva fupa likuthyoka. Anagwa chagada, ine n'kumukhalira pa chifuwa.

"Galu iwe! Mwana wa mayi anga? Ine ndili m'nyumba momwemo? Asa!"

Ndinkamenya ndi manja onse awiri, magazi ali psuu pa matailosi, dzino lake limodzi linandilowa pa chala. Sindinganame kuti ndinkafuna kumulanga chabe. Ndinkafuna afe, ndipo zinkandikomera. Pa balaza gemu ija inali itayamba kuimba kachitoliro kofatsa, ka munthu amene wapambana nkhondo.

Amene anandiletsa ndi mchemwali. Anakwawa mpaka pomwe panali foni n'kuitana apolisi iye mwini, ndi Chingelezi chake cha kuchipatala chosanjenjemera, kuti mchimwene wanga akupha mwamuna wanga. Kenako anandigwira mwendo.

"Achimwene, basi. Mukamupha akakutsekerani, ine nditsala ndi ndani?"

Anatitenga tonse atatu, ine pa galimoto ya apolisi, iwo kuchipatala. Mlamu madokotala anamumanga nsagwada ndi mawaya, anamwa phala ndi kapaipi kwa nthawi yaitali. Mchemwali anamupeza ndi nthiti ziwiri zothyoka tsiku limenelo, ndi zina zitatu zimene zinathyoka kale n'kudzilumikiza zokha mokhota. Namwino wodziwa kumanga mabala a anthu ena, ankadzimanga yekha Lamulungu n'kupita kuntchito Lolemba. Khoti linamupeza mlamu wolakwa n'kumuletsa kumuyandikiranso mchemwali. Inenso linandipeza wolakwa pomenya munthu mopyola muyeso, n'kundilamula kugwira ntchito ya chilango. Ndinatola zinyalala ndi kupenta mipanda ku Easterhouse nyengo yonse yozizira, nditavala chijekete chowala chija chimene amavala anthu a chilango.

Kunena zoona, chijeketecho ndinkachivala monyada. Kutchalitchi amuna ena ankandigwira chanza mwamphamvu pakhomo, ena ankati ndachititsa manyazi Amalawi. Onsewo ndinkawayankha chimodzimodzi, kuti mlongo wanga sakhudzidwa ine ndili moyo. Ndinkadziona kuti ndine mwamuna.

Mchemwali anabwera kudzakhala kwanga. Ankaphika, ankapita kuntchito, ankandipatsa moni, koma kucheza nane ayi. Ndikalowa pa balaza iye ankanyamuka kupita kuchipinda. Masabata anapita, mtima wanga woipa uja unayamba kufufuma. Tsiku lina m'mawa, ndikumanga zingwe za jombo kuti ndizipita kotola zinyalala, iye akumwa tiyi, ndinaphulika.

"Kodi iwe, ndinakulakwira chiyani? Dzina langa laipa kukhoti, kuntchito akundiyang'ana ngati chigawenga, iwe ngakhale zikomo? Bwanji sunandiuze? Ndinali pompo Loweruka lililonse, ukanangotsegula pakamwa!"

Anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Ku Dennistoun munauzidwa, achimwene. Munatipempheretsa."

Ndinati zimenezo n'zakale, tikukamba za ku Gorbals.

"Chabwino, za ku Gorbals. Mukuti munali pompo Loweruka lililonse. Eya, munalipodi. Mukuganiza kuti masiku enawo ankandimenya? Chisamukireni sanandikhudzepo Lolemba, sanandikhudzepo Lachinayi. Ankaopa oyandikana nawo. Ankangosunga zonse, mchere ukachuluka, foni ndikachedwa kuyankha, ndikapatsa moni bambo wina kutchalitchi, iye amvekere tikambirana akabwera alamu. Gemu ija ukaisiya yokha ng'oma zimaleka, pamafunika munthu woti azimenya nkhondo. Ndiye ankandifunsa kuti ndani angakhulupirire kuti ndakumenya mchimwene wako ali pa sofa."

Ndinakhala pansi pomwepo pakhomo, jombo imodzi kuphazi ina m'manja.

"Sindikudana nanu, achimwene," anatero. "Koma thupi langali silinamvebe kuti zinatha. Mukangolowa, limayamba kukonzeka lokha. Zaka ziwiri zathunthu, ndikamva mwaliza belu pansi paja, ndinkavula magalasi n'kuwaika m'kabati kuti asasweke, kenako n'kubwera kudzakutsegulirani ndikumwetulira."

Ananyamula kapu yake kupita nayo kuchipinda, n'kutseka chitseko.