Kamba wa Achikulire a Njinga

Achikulire oyandikana nafe nyumba amakhala okha, koma Lachisanu lililonse amakonza kamba wa anthu ambiri. Amasakaniza otsi wophikira phala, mtedza wokazinga, nthochi zoumitsa ndi uchi wotenthetsa, n'kutsendera m'thireyi ndi kunsi kwa kapu. Zikazizira amadula tizidutswa tokwana m'thumba la malaya. Amakonda kunena kuti, "Ukapanda kutsendera bwino, pachitunda ukadya nyenyeswa."

Kambayo ndi wa anyamata a gulu lawo lopalasa njinga, amene amawadzera pageti Loweruka m'mawa. Koma masiku ano achikulire amatsalira m'mbuyo, anzawo n'kumawadikira.

Loweruka lapitali ndikuyanika matewera kuseri, ndinaona anyamatawo akudutsa msewu wakumbuyo mwakachetechete, osaliza ndi belu lomwe. Nditabwera kumaso, ndinapeza achikulire akudikirabe pageti, chisoti kumutu, dzuwa litakwera.

"Amake mwana, simunawaone ana anga aja?"

Maso anga anathawira kumsewu wakumbuyo. Achikulire anayang'ananso komweko, kenako anavula chisoti pang'onopang'ono.

"Akomoka ndi njala opusa amenewa," anatero, akundipatsa bokosi lonse la kamba uja. "Akamadutsa kumbuyoko, muziwapatsira pampanda."